Nsapato Yong'ambika M'mbali

Kutauni, 5 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi amayi? Msana uja ukukulolani kukhala pa benchi yanu yosokera nsapato? Ife kuno tili bwino, ine ndi achimwene. Paja munati mawu a pafoni amauluka, inu mumafuna pepala loti mupinde n'kuika m'thumba la malaya, ndiye ndizikulemberani. Achimwene akuti cholembera chimawapulumuka m'zala, choncho wowalembera ndine. Makalata ndizipatsira adalaivala a lole ya simenti aja.

Ntchito kwa a Telala ikuyenda. Panopa akundilola kuika mazipi ndi kupinda masiketi. Ndi munthu wabwino, koma pakamwa pawo sipapuma. Ndi sapota wamkulu wa timu ya achimwene, ya malaya obiriwira, ndipo ali ndi lipenga la pulasitiki limene amapachika pa msomali pamwamba pa makina. Sindinawauze kuti ndili ndi mlongo m'timumo. Mukundidziwa, Bambo. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka, ndiye ndinangopitiriza kusoka.

Dzulo ligi ya basiketibolo yayamba ndipo ndinapita. Amasewerera m'holo yaikulu, pansi pake ndi matabwa onyezimira ngati tebulo la alendo. Nsapato zikamapota pamenepo zimalira ngati anapiye. Mbali iliyonse amakhala asanu. Achimwene atatulukira atavala malaya a timu, ataliatali kuposa onse, ndinaluma kolala ya bulauzi yanga kuti anthu asaone kuti ndikulira.

Akochi anawapatsa munthu mmodzi woti azimutsata kulikonse, manja atatambasula. Munthuyo anatopa nawo mpaka anayamba kuwakankha. Komabe tinagonja, chifukwa anzawo ena amasiya mipata, adani kumangodutsa.

Musaiwale kuti achimwene akuyesedwa kaye mpaka ligi ifike pakati, mu Disembala. Akochi akawakonda adzasaina pepala, akapanda kuwakonda adzabwerera kunyumba. Muziwapempherera.

Mwana wanu,
Chete


Kunyumba, 12 Okutobala

Mwana wanga Chete,

Kuno tadzuka. Msana ulipo, sukuchoka, watizolowera. Amayi ako akupereka moni.

Kalata yako ndinaiwerenga ndekha, kenako ndinampatsa Wometa, mnzanga wa pakhonde pano, kuti awerengenso mokweza, chifukwa munthu ameneyu sakhulupirira kanthu mpaka akhudze.

Tsopano tamvera. Loweruka lija ndi dzulo lomwe ndinaika wailesi pa benchi pakati pa nsapato za anthu. Khonde linadzaza, ena kukhala pa njinga zawo. Ndinawauza kuti lero mumva dzina la Nsungwi, mwana wa nyumba ino. Woulutsa mpira uja anatchula mayina onse, ena kuwabwereza ngati ndi ana ake obereka yekha. Koma Nsungwi ayi. Mpira kutha, anthu kuyang'ana ine.

Wometa anati, "Achimwene, mwafunsa bwinobwino ntchito imene anamulemba mwanayu? Mwina ndi wopopa mipira." Khonde lonse kuseka. Ine ndinangowerama n'kumakhoma chidendene cha nsapato imene inali yokhoma kale.

Mwana ameneyu ndamusokera nsapato kuyambira phazi lake lili ngati supuni mpaka lero pamene m'sitolo mulibe saizi yake. Sindinamusokere kuti azikatsata munthu ngati mwana wa mbuzi. Umuuze kuti akagwira mpira aponye. Asapatse mnzake, mnzakeyo ali ndi bambo ake. Dzina limveke.

Chinanso, goloboyi wawo ndani? Zigoli zonse zikulowazi iye amakhala ali kuti? Pa nthawi yathu goloboyi wotere timamuthamangitsa mpaka kwawo.

Unditumizire mabatire a wailesi, akuno akumatha mpira uli pakati.

Ndine bambo ako


Kutauni, 26 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Tikuthokoza kumva kuti muli bwino. Mabatire ndaika mu envelopu yomweyi, ndawakulunga m'kansalu.

Kalata yanu ndinawawerengera achimwene. Anamvera ali chigonere pa matiresi, mapazi atatulukira kunja monga mwa nthawi zonse. Pa mawu a Wometa aja sanaseke. Anangoti, "Bweretsa," n'kuipinda, n'kuika m'chikwama chawo cha ku masewera.

Ndikhulupirira dzulo mwamva nokha. Achimwene agoletsa, ndipo osati kamodzi. Sabata yatha anagoletsanso. Mpira ukalowa mu neti, munthu wa pa maikolofoni amakuwa dzina lawo, holo yonse kumva.

Za goloboyi, kulibe, Bambo. Onse asanu amapita kutsogolo, ndipo onse asanu amayenera kubwerera kudzatchinga. Aliyense amakhala ndi munthu wake womumaka.

Tagonjanso kawiri konseko. Chiyambireni ligi sitinapambanepo, ndipo masapota atopa. Lolemba lililonse kushopu sitimva makina, timamva a Telala. Sabata yatha anafika ndi kuponya lipenga pa tebulo lodulirapo nsalu n'kunena kuti, "Timu yathu si timu, ndi sefa! Ine ndi mimba yangayi ndikhoza kuwadutsa onse asanu nditasenza makina osokera, n'kubwereranso kudzatenga sizasi!" Kasitomala wina amene amamuyeza thalauza anati, "Koma akugoletsatu." A Telala anati, "Kugoletsa? Ukamatunga madzi ndi ndowa yobooka umadzitama kuti watunga?" A Telala anamubaya munthuyo ndi pini mwangozi, koma sindikudziwa ngati inali ngozi.

Anthu sakukondwa kwenikweni ndi momwe zikuyendera, ngakhale ndi achimwene amene. Koma nkhani imeneyo ndi yaitali.

Mwana wanu,
Chete


Kunyumba, 2 Novembala

Chete mwana wanga,

Tili bwino, ndipotu bwino zedi. Msana sindikuumva n'komwe.

Tamva! Dzulo tamvanso! Woulutsa uja akati "Nsungwi!" amakoka ngati akuitana munthu wa kutsidya. Khonde linaphulika. Mayi wogulitsa makala anagwetsa chitini chake, amayi ako anatuluka m'nyumba ndi sopo m'manja. Wometa anasiya munthu mutu uli theka, n'kudzaima pafupi ndi wailesi, ali duu ngati iwe. Ine ndinamufunsa kuti, "Mnzanga, wopopa mipira uja ndi ameneyu?" Lero m'mawa wandimeta ndevu osandilipiritsa kanthu.

Zogonjazo usadandaule nazo. Mwana wanga akuchita mbali yake. Akumbuyowo ndiwo aulesi, akochi awaone. Ukuti kulibe goloboyi, ndiye vuto lake ndi limenelo, amupeze.

Umuuze awonjezere. Anthu tsopano akumabwera ndi mipando yawo.

Bambo ako


Kutauni, 16 Novembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ife m'thupi tili bwino.

Kalata iyi ndaiyamba kambirimbiri n'kumang'amba. Mukanakhala pano sindikanatha kunena, ndikanangoyang'ana pansi. Ndiye mundilole pepala lindinenere, ndipo muwerenge nokha, musampatse Wometa.

Dzulo simunamve dzina la achimwene chifukwa sanalowe. Akhala pa benchi mpira wonse.

Bambo, achimwene sanawatengere kugoletsa. Ogoletsa alipo kale awiri, ndipo ndi amene timu imawadalira pa zimenezo. Akochi anawaona ku timu yaing'ono ija akutseka anthu, manja aataliwo atatambasula ngati mpanda, ndiye anati munthu amene tikumusowa ndi uyu. Ntchito yawo ndi yoti mdani woopsa kwambiri asapume. Akaigwira bwino, wailesi ilibe chonena, chifukwa palibe chimene chalowa.

Chilandirireni kalata yanu yoyamba ija asintha. Adani akangoponya mpira, usanafike n'komwe pa neti, achimwene amakhala atayamba kale kuthamangira kutsogolo kukadikira kuti anzawo awapatsire agoletse. Munthu wawo amamusiya yekha. Mpira ukabwerera kwa adani, munthu uja amagoletsa ngati akuika mbale pa shelefu. Achimwene akagoletsa kamodzi, kumbuyo kwawo kumalowa kawiri. Akumbuyo aulesi amene mumanena aja kulibe, Bambo. Kumbuyoko ndi kwa achimwene.

Masapota awapatsa dzina. Akuwatcha Chitseko, chifukwa ndi pamene adani amalowera. Sabata yatha holo yonse imaimba kuti, "Tsekani chitseko! Tsekani chitseko!" ndipo lipenga la a Telala ndi limene limatsogolera. Ine ndinali pakati pawo, manja pa maondo. Lolemba a Telala anati, "Mwana wautali ngati mzati wa magetsi, koma ukamudutsa amakuuza kuti yendani bwino! Makolo ake anamudyetsa chakudya chonsecho kuti azitionongera Loweruka?" Ndinasoka zipi mozondoka, n'kumasula, n'kusokanso mozondoka.

Akochi anawaitana n'kuwauza kuti, "Ndinatenga mpanda, wandibweretsera msewu. Ukapanda kubwerera pa ntchito yako, Disembala ulongedze."

Madzulo ake ndinawapeza atakhala pakhomo akupaka mafuta m'mawondo. Anati, "Chete, ndikatseka munthu akochi amakondwa, koma abambo amazimitsa wailesi anthu akuwaseka. Ndikagoletsa abambo amayenda chifuwa patsogolo, koma ntchito ikutha. Iwe ukanatani?" Ndinangowatengera madzi.

Yankho langa ndi kalata ino. Achimwene sangakukanireni kanthu, mukudziwa. Mukawauza kuti awonjezere, awonjezera mpaka awachotse. Ndikukupemphani, Bambo, muwamasule.

Ndapatsira adalaivala nsapato zawo zimene munawasokera pochoka. Zang'ambika kutsogolo, chala chikutuluka. Za timu zimawathina, amakonda zanuzi.

Ngati ndalankhula mopitirira msinkhu wanga, mundikhululukire.

Mwana wanu,
Chete


Kutauni, 30 Novembala

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji? Kodi kunyumba kuli bwino? Adalaivala abwera kawiri opanda kanthu. Ndinawafunsa ngati anakupatsani kalata ndi nsapato, anati anapereka m'manja mwanu, ndipo munangoti zikomo. Ndinawafunsa nkhope yanu inali bwanji, anati iwo amayendetsa lole, sawerenga nkhope.

Ndikudziwa kuti mwakwiya. Achimwene nawonso anakwiya nditawauza zimene ndinalemba. Anati, "Wawachititsa manyazi abambo, iwe amene sutha kufunsa ngakhale mtengo wa tomato!" Anatha masiku osandilankhula. M'chipinda chimodzi anthu awiri osalankhulana, mumamveka wotchi yokha. Panopa tayambanso pang'ono, poti anafuna ndiwasokere kabudula.

Ndapepesa chifukwa cha kalankhulidwe, koma zimene ndinanenazo sindibweza, Bambo. Ndi zoona.

Timu ikugonjabe. Achimwene akumalowa pang'ono chabe kumapeto, ndipo akalowa amakhala ngati munthu amene waitanidwa mbali ziwiri, sapita kutsogolo, sabwerera kumbuyo. Masapota ena asiya kubwera. A Telala akuti lipenga aligulitsa, koma Loweruka likafika amalitsitsa pa msomali n'kulipukuta.

Pa 13 Disembala tikusewera ndi a malaya ofiira, ndipo ndi mpira womaliza ligi isanapume. Kumeneko n'kumene kuli Lumo, mumamumva pa wailesi, amene woulutsa amamutchula mpaka mawu kusasa. Akochi anena kuti tsiku limenelo Lumo adzakhala wa achimwene. Achimwene akamutseka atsala m'timu. Akamusiya, adzakwera lole ya simenti.

Ngakhale mzere umodzi, Bambo. Ngakhale wondikalipira.

Mwana wanu,
Chete


Kunyumba, 9 Disembala

Chete,

Ndine mayi ako. Tili moyo, palibe wadwala, usade nkhawa. Ndikulemba ine chifukwa bambo ako akuti alibe mawu, ngati kuti anayamba asowapo mawu chikwatiranireni.

Kalata yako ija anaiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi. Sanatukwane. Loweruka wailesi sanatulutse, anauza anthu kuti yafa. Wometa anati abweretse yake, bambo ako anamuyang'ana mpaka munthu anabwerera kukasesa tsitsi.

Tsiku lina anandituma kuti ndikoke katoni ya pansi pa bedi, ija muli nsapato zakale za mlongo wako zimene amandiletsa kutaya. Anaziyala pakhonde kuyambira zing'onozing'ono mpaka zazikulu, anthu kumafunsa ngati akugulitsa. Kumapeto anaika zimene unatumiza. Amatenga imodzi, kuitembenuza, kuibweza, tsiku lonse. Tiyi mpaka anazizira.

Madzulo anandiitana nati, "Mayi a Nsungwi, taonani. Zakalezi zonse zinang'ambika m'mbali. Zaka zonsezi ndakhala ndikuika zigamba m'mbali, osadzifunsa kuti mwanayu amayenda bwanji. Izi zokha ndi zimene zang'ambika kutsogolo. Izi ndang'amba ndine." Ine ndinati mwang'amba bwanji nsapato zili kutauni inu muli kuno?

Nsapato unatumiza zija azisoka sabata yathunthu, ntchito za anthu zili mulu, mpaka aphunzitsi ena apita kusukulu ndi patapata. Ndi izi ndapatsira adalaivala. Bambo ako ndawafunsa kuti kalata ili kuti, akuti mwini wake akavala awerenga.

Uzidya, unali wowonda pochoka. Ndipo undipezere ulusi wakuda wolimba, bambo ako amaliza wanga wonse.

Mayi ako


Kutauni, 14 Disembala

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Muli bwanji? Ife kuno sindikudziwa ndiyambire pati. Mawu anga asasa, ndikulankhula ngati chitseko cha dzimbiri, ndipo muona chifukwa chake.

Nsapato zinafika Lachinayi. Achimwene anakutumula pepala lonse lokulungira kufuna kalata yanu, Bambo, ndipo ataisowa nkhope inagwa. Anati, "Basi, andisiya." Ine ndinatenga nsapato imodzi n'kuyang'ana kasokedwe, paja ndi ntchito yanga. Kutsogolo munangoika kachigamba wamba. Koma m'mbali, kunja konse kuyambira pa chala chaching'ono mpaka chidendene, munaika chikopa chachiwiri, ulusi mizere iwiri yothinana, pamalo pamene sipanang'ambike n'komwe. Ndinawapatsa achimwene kuti aone. Anayendetsa chala pa ulusiwo. Munthu akamatseka mnzake sathamanga cholunjika, amatsetsereka chammbali ngati nkhanu, miyendo atatangadza, ndiye nsapato imadyekera m'mbali. Achimwene anavala, n'kuyamba kutsetsereka m'chipinda kuchoka kukhoma kupita kukhoma, mpaka anagwetsa ndowa. Amaseka, koma maso ali ofiira.

Dzulo holo inadzaza chifukwa anthu amafuna kuona Lumo, osati ife. Ndi munthu wamfupi kwa achimwene, koma akagwira mpira umakhala ngati wamangidwa ndi chingwe ku dzanja lake. Poyamba achimwene anali pa benchi, ndipo Lumo anagoletsa katatu ife tisanakhale bwino pa mipando. A Telala anali mizere iwiri kutsogolo kwanga, anaimirira n'kukuwa kuti, "Akochi, lowetsani aliyense! Ngakhale wokolopa uyo, bola ali ndi mopu!"

Akochi anakodola achimwene. Anthu ataona akuvula jekete anadandaula onse pamodzi, "Aaa, Chitseko! Tapita!" Wina kumbuyo kwanga anati, "Tiyeni tizipita, basi zisanadzaze."

Achimwene sanayang'ane aliyense. Anapita kukaima pamaso pa Lumo, n'kutsika m'chiuno, manja uku ndi uku. Lumo kumanja, iwo kumanja. Lumo kumanzere, iwo ali kale komweko. Nsapato zanu zimalira kuposa za onse. Lumo anayesa kupota, anakumana ndi chifuwa. Anayesa kuponya, anaona chikhatho pamaso, mpira n'kugunda chitsulo. Kenaka anzake anayamba kuopa kumupatsira. Achimwene akuti pakati pa mpira Lumo anawafunsa kuti, "Aise, kodi ndinakulakwira chani? Kuchimbudzinso unditsata?" Iwo anamuyankha kuti, "Ukapita undiuze."

Chodabwitsa n'chakuti anzawo anayi aja ataona, nawonso anayamba kubwerera msanga ndi kuitanizana, uyu wako, uyu wanga. Si kuti sefa yatsekeka yonse ayi, mabowo analipo, koma madzi anayamba kukhala. Amene amati azipita uja sanapite.

Kumapeto tinali patsogolo ndi pointi imodzi yokha, nthawi itatsala pang'ono kutha. Mdani wina anaponya ali patali. Mpira uli m'mwamba, kutsogolo konse kunali pululu, ndipo mnzawo wina anakuwa kuti, "Nsungwi, thamanga!" Akanathamanga mwina akanagoletsa, dzina n'kumveka mpaka pakhonde panu. Ndinaona phazi lawo likunyamuka. Koma linabwerera pansi. Anakhala pa Lumo.

Mpira unagunda chitsulo n'kugwera kwa a malaya ofiira. Anaupatsira Lumo, iye n'kudumpha kuti aponye. Achimwene anadumpha naye. Ndinangomva phaa! Mpira unauluka mpaka kwa anthu, wezulo n'kulira.

Bambo, Amayi, sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinapezeka ndaima pa mpando ndikukuwa kuti, "Achimwene anga! Ndi achimwene anga amenewo!" Osati kamodzi. Mpaka anthu a mizere yonse anatembenuka.

A Telala anatembenukanso, lipenga lili pakamwa. Anati, "Iwe mwana, ukuti chani?" Ndinati, "Ndi achimwene anga, bere limodzi." Anagwira kumutu nati, "Miyezi yonseyi ndikutukwana mlongo wako pamaso pako, mpaka makolo ake omwe, iwe uli phee kuika zipi? Mayo ine! Bwanji osandibaya ndi singano?" Ndinati ndinaganizapo. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anandipatsa lipenga kuti ndiimbe. Linalira ngati mwana wa ng'ombe wodwala, koma ndinaimba. Potuluka amauza aliyense kuti, "Mukumuona uyu? Mlongo wake wa Chitseko, amagwira kwa ine. Ine ndinanena kale kuti mnyamata uja ndi wabwino." Palibe amene anawatsutsa, poti onse amanena zomwezo.

Achimwene sanagoletse ngakhale kamodzi. Akochi anawagwira pakhosi ngati akufuna kuwapotokola, n'kuwauza kuti abwere Lolemba ndi cholembera. Timu ikadali kumunsi, ndipo a Telala akuti anayi enawo akufunikabe kuwaika zigamba, koma imeneyo ndi nkhani ya Januwale.

Sindikudziwa ngati munatulutsa wailesi, Bambo. Ngati anthu anakusekaninso chifukwa dzina silinamveke, muwawerengere kalata ino. Imeneyi Wometa mukhoza kumupatsa.

Ulusi wa amayi ndaika.

Mwana wanu,
Chete

Pansipa alemba achimwene okha, muwakhululukire zilembo:

Bambo, ndawerenga. Zikukwana bwino. Nsungwi.


Kunyumba, 17 Disembala

Ana anga nonse awiri,

Tili bwino. Msana wabwerera, koma ubwere, ndilibe nawo mlandu.

Wailesi ndinatulutsa. Anthu atasonkhana ndinaimirira ndisanayatse, ndinati, "Lero musamvere dzina la mwana wanga. Mumvere la Lumo. Likamamveka, ndiye kuti mwana wanga akugona. Likasowa, mudziwe amene walibisa." Wometa anati, "Achimwene, tsopano tizimvera zimene wailesi sikunena? Ndiye bwanji osangoizimitsa tisunge mabatire?" Ndinati khala pansi.

Poyambirira zinali Lumo, Lumo, Lumo, ine thukuta kutsika. Wometa amandiyang'ana ndi diso limodzi. Kenaka dzina lija linayamba kutalikirana. Kenaka linasowa. Mayi wa makala ndiye anayamba kunena kuti, "Koma Lumo uja wapita kuti?" Wina anati wavulala. Woulutsa mwini wake anafunsa kuti kodi Lumo ali m'bwalo momuno? Pamenepo khonde lonse linayang'ana ine, ndipo ine ndinangopinda manja. Sindinakhalepo pa benchi imeneyi momasuka chonchija.

Pamapeto paja woulutsa anangokuwa kuti, "Watchingidwa! Watchingidwa!" osanena kuti ndi ndani wamutchinga. Anthu a wailesi alibe ulemu. Koma pano panalibe wofunsa. Wometa anaimirira yekha n'kunena kuti, "Ameneyo ndi wathu." Ndinati wathu kuyambira liti? Anati kuyambira kale, ankamumeta ndi iye.

Tsopano anthu akudutsa sakufunsanso kuti wagoletsa zingati. Akumafunsa kuti mu Januwale akasowetsa ndani.

Amayi anu akulumbira kuti pa phokoso la kumapeto lija anamva mawu a Chete pa wailesi. Ine ndawauza kuti sizingatheke, mawu a mwana ameneyu akakwera sitiwadziwa, sitinawamvepo. Akuti mayi amadziwa. Chete, ukabwera pa tchuthi udzakuwe kamodzi kuseri kwa nyumba kuti tithetse mkangano. Za kalata yako ija sitikambirana. Ndangoisunga m'thumba la malaya, ndipo zilembo zake ndi zowongoka.

A Telala akowo uwauze kuti makolo a mnyamata wautali uja apereka moni, ndipo chakudya chimene anamudyetsa sichinapite pachabe.

Nsungwi, nsapatozo zikang'ambika m'mbali utumize msanga, chikopa ndasunga. Zikang'ambika kutsogolo ukasoketse kwina.

Ndine bambo wanu